Limu yolowa si limu yoyenera

Alimi anzanga, nyengo yokolola ikafika ndalama zimayamba kuoneka m'matumba, ndipo ndi nthawi imeneyi pamene ambiri a ife timakumbukira galimoto ndi ngolo zathu zimene zavutika dzinja lonse m'matope. Mukayenda pa Lizulu, pa Jenda, pa Mitundu kapena pa malo ena alionse a malonda miyezi imeneyi, mupeza milu ya matayala a kaunjika ndi malimu itaunjikidwa m'mbali mwa msewu, ogula ali piringupiringu. Sabata ino ndaganiza zosiya kaye nkhani za feteleza ndi nkhokwe kuti tikambirane za malimu amenewa, ndiye kuti mkombero wa chitsulo uja umene tayala limavalapo, makamaka za chizolowezi chathu chochotsa limu pa galimoto ya mtundu wina n'kukaiika pa galimoto ya mtundu wina.

Ndinene poyera maganizo anga ndisanapite patali. Kusinthanitsa malimu si tchimo, ndipo kwa ife anthu a kumudzi nthawi zambiri palibe njira ina. Chimene ndikutsutsa ndi kaganizidwe kakuti limu ikangolowa pa masitadi, manati n'kumangika, ndiye kuti yakwana. Kaganizidwe kameneka kanatsala pang'ono kundiphetsa pamodzi ndi anthu amene ndinawanyamula, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba.

Ine ndili ndi pikapu yakale, Toyota Hilux yokokera mawilo a kumbuyo okha, ya mabowo asanu. Chaka china nditagulitsa bwino mbatata ya kachewere, ndinapita m'tauni kukagula matayala awiri. Pamalo pamene ndinaima ndinaona malimu anayi a aluminiyamu, onyezimira ngati mbale zatsopano, ndipo mtima unandisiya. Mnyamata wogulitsayo anati anachokera pa galimoto ya ku Germany. Ndinawerenga mabowo ake, asanu. Ndinawerenga masitadi a galimoto yanga, asanu. Mnyamata uja anaseka nati, "Madala, asanu ndi asanu basi, mukudandaula chiyani? Zikwana izi." Poika, manati ena anayamba kulimba asanafike kumapeto, koma iye anatenga paipi yaitali, naivala pa sipanala, nakwerapo ndi mwendo. Atatha anapukuta manja nati, "Mwaona bwana, zalowa."

Nditafika kunyumba ana anathamangira kudzaona galimoto, koma amayi akunyumba anangoyang'ana kamodzi n'kufunsa kuti, "Kodi malimu akale aja anali atalakwa chiyani?" Ndinalibe yankho. Ndinawaponya malimu akalewo kuseri kwa khola.

Patapita masabata atatu ndinanyamula kachewere ndi kabichi kupita nazo kunyanja, pamodzi ndi amayi awiri eni kabichiyo, wina ali ndi mwana kumbuyo. Amene munatsikapo msewu wa Khwekhwerere, wochoka ku mapiri a Dedza kutsetserekera ku Golomoti, mukudziwa m'mene umakhotera ndi m'mene phompho limakhalira pafupi. Tili pakati pa mtsetse ndinamva kugogoda kumbuyo, kumanzere, ndipo galimoto inayamba kugwedezeka. Ndinaima pamalo oyamba pamene ndinapeza danga. Nditazungulira kukaona, miyendo inandizizira. Masitadi atatu mwa asanu anali atathyoka, ndipo manati awiri otsalawo ndinawatembenuza ndi zala. Pakanatsala makona awiri kapena atatu, wilo lija likanatipitirira, ife n'kutsatira njira ina.

Tinagona pomwepo. M'mawa mwake makaniko wina wachikulire amene ndinakamutenga kumunsi anabwera ndi masitadi atsopano. Asanamange chilichonse anatenga kachipangizo koyezera, nayeza limu, nayezanso habu, kenaka anandiyang'ana nati, "Achimwene, limu iyi ndi ya 112, galimoto yanu ndi ya 114.3. Anakugulitsani imfa." Tinamanga sipeya n'kutsika pang'onopang'ono, manati a mawilo enawo tikuwayang'ana pafupipafupi. Kabichi uja pofika kumsika anali atafota ndi dzuwa la kunyanja, ndipo amayi aja anagulitsa motaya. Ndinawabwezera ndalama za ulendo ndili ndi manyazi. Akuluakulu sadaname, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Tsono manambala awiri amene anatchula makaniko uja akutanthauza chiyani? Mukalemba mzere wozungulira wodutsa pakati penipeni pa mabowo onse a limu, mupeza bwalo. Kukula kwa bwalo limenelo, kuchoka mbali ina kufika mbali inayo kudzera pakati, ndiko amakaniko amati PCD, ndipo amayeza m'mamilimita. Galimoto yanga imafuna bwalo la mamilimita 114.3. Malimu ndinagula aja, monga malimu ambiri a Mercedes-Benz ndi Audi, anali a mamilimita 112. Kusiyana kwake ndi mamilimita 2.3 basi, ndiye kuti bowo lililonse linaphonya sitadi yake ndi milimita imodzi ndi kachidutswa. Diso silingaone zimenezo, ndipo limu imalowa ndithu.

Koma chitsulo chimamva. Nati yoyamba imene mwamanga imakokera limu kumbali yake. Manati enawo sakhala pakati pa mabowo awo, amagwira mbali imodzi yokha, ndipo mukawakakamiza ndi paipi amapinda masitadi pang'ono. Wilo la pikapu limazungulira pafupifupi ka 500 pa kilomita imodzi, ndipo nthawi iliyonse likazungulira katundu amakankha sitadi yopindika ija uku ndi uku. Aliyense amene anadulapo waya popanda pulayala akudziwa m'mene zimathera, umangoupinda uku ndi uku mpaka uthyoke wokha. Sitadi imodzi ikathyoka, zinayi zotsala zimasenza katundu wa zisanu, ndipo yachiwiri sichedwa.

Choncho chinthu choyamba choti mudziwe ndi nambala ya galimoto yanu, osangoti kuchuluka kwa mabowo. Toyota Corolla zakale ndi Probox zili ndi mabowo 4 pa mamilimita 100. Nissan 1400, imene ku South Africa anasiya kupanga mu 2008 koma mpaka lero ikunyamulabe tomato, ili ndi mabowo 4 pa 114.3. Peugeot 504 ili ndi mabowo 4 pa 140. Zonsezi ndi za mabowo anayi koma palibe imene ingabwereke limu kwa inzake. Hilux ya four wheel, Isuzu KB, Ford Ranger ndi Nissan Hardbody zili ndi mabowo 6 pa 139.7, koma Nissan Navara imene inatuluka mu 2005 ili ndi mabowo 6 pa 114.3. Ngakhale dzina limodzi lingakupusitseni. Land Cruiser 80 inali ndi mabowo 6 pa 139.7, pamene Land Cruiser 100 imene inabwera mu 1998 ili ndi mabowo 5 pa 150. Land Rover zakale zija za ku mishoni ndi ku maesiteti zili ndi mabowo 5 pa 165.1.

Kuyeza kwake sikovuta. Ngati mabowo ali anayi kapena asanu ndi limodzi, yezani kuchoka pakati pa bowo limodzi kufika pakati pa bowo loyang'anizana nalo, ndipo nambala mwapezayo ndi imeneyo. Mabowo asanu ndiwo amavuta chifukwa palibe awiri oyang'anizana. Pamenepa yezani mabowo awiri oyandikana, pakati ndi pakati. Mukapeza mamilimita 67.2, limuyo ndi ya 114.3. Mukapeza 65.8 ndi ya 112, ndipo 58.8 ndi ya 100. Rula ya mwana wa sukulu singakuthandizeni mokwanira pa kusiyana kochepa chotere, pemphani makaniko amene ali ndi choyezera chija amati vernier. Ngati palibe, kwezani galimoto pa jeke, valikani limu popanda manati, ndipo muyang'ane bowo lililonse. Sitadi iliyonse iyenera kukhala pakati pa bowo lake. Mukaona kuti zonse zatsamira kunja kapena m'kati, bwezani limuyo. Nati yoyenera imayenda ndi zala mpaka kukakhudza limu. Ikalimba panjira, ikukuuzani kanthu, imvereni.

Chachiwiri ndi bowo lalikulu la pakati, limene limakhala pa mphuno ya habu. Apa ndi pamene eni mapikapu a mabowo asanu ndi limodzi amakodwa, chifukwa amamva kuti zonse ndi za 139.7 n'kuganiza kuti nkhani yatha. Bowo la pakati la Hilux ya four wheel ndi mamilimita 106.1, la Isuzu ndi pafupifupi 100, pamene la Ford Ranger ndi 93.1. Limu ya Ranger singakhale pa habu ya Hilux, ngakhale mabowo asanu ndi limodzi aja akugwirizana bwinobwino. Choopsa kwambiri ndi pamene bowolo lachepa pang'ono chabe, chifukwa limu imalowa theka, manati n'kumangika, mwini galimoto n'kunyamuka, osadziwa kuti limu sinagone pa habu. Pakangopita makilomita ochepa imakhazikika, manati onse n'kumasuka nthawi imodzi. Bowo likakula, limu imalowa, koma palibe choikhazika pakati, ndipo galimoto imanjenjemera ikathamanga. Vuto ili lokha lili ndi mankhwala. Amisiri a makina osemera zitsulo angakupangireni mphete yodzaza mpatawo.

Chachitatu ndi kuzama kwa limu. Mukatembenuza limu ya aluminiyamu mupeza zilembo monga 15x6J ET45. Nambala yoyamba ndi kukula kwa limu m'mainchesi, yachiwiri ndi kutambalala kwake, ndipo ET ikunena kuti malo ogona pa habu asunthira kunja mamilimita angati kuchoka pakati pa limu. Magalimoto ang'onoang'ono okokera kutsogolo nthawi zambiri amakhala ndi ET yaikulu, ya pakati pa 35 ndi 45 kapena kupitirira. ET ikakula kuposa imene galimoto yanu imafuna, wilo limalowa m'kati n'kumakhula mabuleki, sipuling'i kapena zitsulo za chiwongolero. Ikachepa, wilo limatuluka kunja, limaoneka lamphamvu, anyamata n'kumaimba mluzu, koma katundu sakhalanso pamwamba pa mabering'i monga anakonzera opanga galimoto. Zili ngati kunyamula ndowa ya madzi dzanja litatambasuka, ndowa ndi yomweyo koma phewa limatopa msanga. Mabering'i amatha miyezi yochepa, ndipo mukanyamula matumba tayala limadya madigadi. Poyesa limu, khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, muzungulitse wilo ndi dzanja, ndipo mudzayang'anenso galimoto italemedwa.

Chachinayi ndi manati, tinthu tating'ono timene timatoleza paliponse. Masitadi a Toyota ndi a Nissan onse ndi onenepa mamilimita 12 pa magalimoto ambiri amene tili nawo kuno, koma mazinga ake ndi osiyana. A Toyota ndi a 1.5, a Nissan ndi a 1.25. Nati ya Toyota pa sitadi ya Nissan imayenda kamodzi kapena kawiri n'kulimba, ndipo mukaikakamiza mwapha mazinga onse. Kumaso kwa nati nakonso kumasiyana. Ina ndi yosongoka, ina ndi yobulungira ngati mpira, monga pa malimu a Honda ndi Volkswagen, ina ndi yafulati yokhala ndi washala, monga pa malimu ambiri a aluminiyamu amene amabwera ndi Toyota. Nati iyenera kugwirizana ndi sitadi ya galimoto yanu kumazinga, ndiponso ndi limu kumaso. Kumbukiraninso kuti limu ya aluminiyamu ndi yochindikala kuposa ya chitsulo, choncho imadya utali wa sitadi. Nati ya Toyota iyenera kuzungulira kosachepera ka 8 isanalimbe. Ikalimba pa kachinayi, sitadi yafupika, ndipo mazinga anayi okha ndiwo agwira moyo wanu.

Chachisanu, ndipo kwa ife alimi ndicho chachikulu, ndi kulemera kwa katundu. Limu ndi tayala zimene zinapangidwira galimoto yonyamula bwana ndi chikwama chake sizinapangidwire matumba a chimanga. Tayala la pikapu lolembedwa 195R14C 106/104 limanyamula makilogalamu 950. Tayala la galimoto yaing'ono lolembedwa 175/65R14 82 limanyamula makilogalamu 475, theka lenileni. Onse awiri ndi a mainchesi 14, ndipo la galimoto yaing'ono ndi lotsika mtengo, n'chifukwa chake timakopeka nalo. Koma tawerengani nokha. Matayala awiri otere kumbuyo anyamula makilogalamu 950 onse pamodzi, pamene matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50 ndi makilogalamu 1,000, tisanawerengere kulemera kwa galimoto yeniyeniyo ndi anthu okhala pamwamba pa matumba. Tayala lolemedwa limatentha, ndipo pa msewu wa tala mwezi wa Okutobala limaphulika popanda kuchenjeza. Chilembo C chija chikusonyeza tayala la katundu, chifunefuneni. Yang'ananinso manambala anayi omaliza pa mzere woyamba ndi DOT. Kuyambira m'chaka cha 2000 manambala amenewa amanena sabata ndi chaka chimene tayala linapangidwa, kotero 3519 ndiye kuti sabata ya 35 ya chaka cha 2019. Tayala la kaunjika likhoza kukhala ndi mapanga akuya koma lili lokalamba, mphira wake utauma.

Pali fashoni inanso imene yalowa ndi magalimoto a kaunjika ochokera ku Japan, amene amatipeza kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe. Ndiyo yoika limu yaikulu ya mainchesi 17 kapena 18 ndi tayala lopyapyala ngati lamba. M'tauni mwina zimakoma. Koma msewu wopita kumunda kwanga uli ndi miyala ndi maenje, ndipo chimene chimateteza limu pa msewu wotere ndi mpweya wa m'tayala lalitali. Limu ya chitsulo ikagunda mwala imapindika, mumaiwongola ndi hamala pansi pa mtengo n'kupitiriza ulendo. Ya aluminiyamu kawirikawiri imang'aluka, mpweya n'kutha, ndipo pamudzi palibe amene angaikonze. Tayala lonse likakulanso kuposa la poyamba, galimoto imalephera mtunda ili ndi katundu, mabuleki amagwira mochedwa, ndipo wotchi ya liwiro imasonyeza nambala yochepa kuposa m'mene mukuthamangira. Mudzakangana ndi apolisi a pamsewu mukulumbira kuti munali pa 50, chonsecho olakwa ndinu.

Ndikudziwa kuti wina akuwerenga izi ali pa benchi ya golosale akuti, "Bambo awa akufuna tizikagula malimu atsopano ku masitolo akuluakulu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ndalama zake zili kuti?" Mnzanga, sindikunena zimenezo. Ine ndemwe pa galimoto yanga lero pali malimu awiri amene anachokera pa galimoto ina imene inafera pa galaja. Magalimoto ambiri amene amanyamula fodya kupita ku okushoni ku Kanengo, ku Limbe, ku Chinkhoma ndi ku Mzuzu akuyenda chifukwa cha zitsulo za anzawo amene adafa kale, ndipo popanda luso la amakaniko athu la kusinthanitsa zida, mbewu zambiri zikanaolera kumunda. Chimene ndikunena ndi chakuti kuyeza n'kwaulere. Limu ya kaunjika ya manambala oyenera ndi yabwino kuposa yatsopano ya manambala olakwika, ndipo kawirikawiri ya chitsulo yosaoneka bwino ija ndi imene ili yotsika mtengo. Amene akutaya ndalama ndi amene akugula ndi maso.

Wina anenanso kuti, "Ine ndakhala ndikuyendera malimu okuza mabowo ndi tupa zaka zitatu, palibe chachitika." Ndikukhulupirira. Inenso ndinayenda masabata atatu palibe chochitika. Koma bowo la limu silingokhala njira ya sitadi, lili ndi mpando umene nati imakhalapo, ndipo tupa imachotsa mpando umenewo. Zaka zitatu zimenezo mwayendera mwayi. Komanso pa pikapu ya kumudzi simukhala nokha. Mumanyamula amayi opita kuchigayo, ana a sukulu, odwala opita kuchipatala usiku, ngakhale maliro. Iwowa sanaone tupa ija, amangokwera chifukwa akukudalirani. Munthu angaike moyo wake pa chiswe ngati afuna, koma alibe ufulu woika wa mwana wa mnzake.

Nanga ngolo? Apa ndifewetse mawu pang'ono. Ngolo zathu zambiri amazipanga owotcherera pogwiritsa ntchito ekiselo, mahabu ndi malimu a magalimoto akufa, ndipo imeneyi ndi nzeru yabwino. Ng'ombe zimayenda liwiro la munthu wa pansi, kotero limu yosakhala pakati kwenikweni singanjenjemere monga pa galimoto. Komabe katundu wa ngolo ndi wolemera, ndipo wilo likaguluka pa mtsetse goli limapotoza makosi a ng'ombe. Pogula ngolo funsani kuti mahabu ake ndi a galimoto yanji, ndipo musankhe a mtundu umene malimu ndi matayala ake amapezeka pa msika wa kwanu. Mawilo onse awiri akhale ofanana kukula, apo ayi ngolo imakokera mbali imodzi ndipo ng'ombe ya mbali imeneyo imatupa khosi. Ngati muli ndi pikapu, pemphani wowotcherera aike mahabu ofanana ndi a pikapuyo. Mukatero sipeya imodzi itumikira zonse ziwiri, ndipo matayala amene atopa pa galimoto akamalizira moyo wawo pa ngolo. Koma njira ikhale imodzi yokha, kuchoka pa galimoto kupita pa ngolo, osati kubwerera.

Kwa owotcherera ndili ndi pempho limodzi lapadera. Musawotcherere limu tayala lili pomwepo, ngakhale mutatulutsa mpweya. Kutentha kumalowa mu mphira m'kati, mphira n'kuyamba kutulutsa mpweya woyaka, ndipo tayala likhoza kuphulika ngakhale patapita nthawi mutazimitsa makina, anthu atayandikira kale. Vulani tayala kaye. Ndipo limu ya galimoto yothyoka pa mabowo isawotcheredwe kuti ibwerere pamsewu, ipite ikakhale mbaula kapena belu la kusukulu.

Mukapeza limu yoyenera, kamangidwe nakonso kali ndi mwambo wake. Pukutani dzimbiri ndi dothi pa habu kuti limu igone bwino. Yambani manati onse ndi zala, kenaka muwalimbitse modumphadumpha, ili kenaka loyang'anizana nalo, osati motsatana ngati mukuwerenga mikanda. Malizitsani galimoto itatsika pa jeke. Sipanala imene imabwera ndi galimoto ndi mphamvu ya manja a munthu wamkulu n'zokwanira. Paipi yaitali ndi kukwerapo ndi mwendo kumatamula sitadi mpaka kuifooketsa, ndipo tsiku limene tayala lidzaphwe kutchire mudzalephera kumasula. Mukayenda makilomita 50 kapena 100, imani muyesenso nati iliyonse. Ngati mwaika malimu a aluminiyamu koma sipeya ndi ya chitsulo, onetsetsani kuti manati anuwo akugwira pa sipeyayo, apo ayi sungani manati akale m'galimoto.

Kwa inu ogulitsa malimu, sindikukunyozani, nanunso mukusaka ya ufa. Koma choko ndi chotsika mtengo. Lembani pa limu iliyonse kuchuluka kwa mabowo, PCD ndi galimoto imene yachokera. Lolani wogula ayese pa galimoto yake, ndipo ikapanda kukwana mulandire katundu wanu mwamtendere. Mlimi amene mwamuuza zoona lero adzabweranso chaka cha mawa ndi anzake a ku kalabu. Kwa amakaniko, makamaka inu achinyamata amene mwaphunzira ntchito m'makoleji a ntchito zamanja, phunzirani kunena kuti ayi. Kasitomala akaumirira kuti mukuze mabowo, mulekeni apite kwina, chifukwa wilo likadzaguluka dzina limene lidzatchulidwe pa maliro ndi lanu. Ndikanakondanso alangizi a zaulimi, amene amatiphunzitsa kusamala ng'ombe za pa goli, akanamaonjezapo mawu awiri pa za mawilo a ngolo, pakuti mbewu siinathe kukololedwa mpaka itafika pa msika.

Tsono inu alimi anzanga, musanapite kukagula limu chitani chinthu chimodzi ichi. Pitani kwa makaniko amene mumamukhulupirira, akuyezereni galimoto yanu, ndipo mulembe pa kapepala kuchuluka kwa mabowo, PCD, bowo la pakati, ET, mtundu wa nati ndi nambala ya tayala. Kapepalako muike pamodzi ndi laisensi yanu. Wogulitsa akakuuzani kuti zikwana, tulutsani kapepala. Musachite manyazi kufunsa, pajatu safunsa adadya phula.

Malimu anga akale aja ndinakawatola kuseri kwa khola nkhuku zitayamba kale kuikiramo mazira. Ndinawapukuta dzimbiri, n'kuwapaka penti yakuda, ndipo awiri mwa iwo mpaka lero ali pa galimoto. Onyezimira aja sindinagulitse kwa munthu wa pikapu, ngakhale ambiri anandipempha. Ndinadikira mpaka nditapeza mwini galimoto imene anapangidwira, ndipo ndinalandira ndalama yochepa kuposa imene ndinalipira. Amayi akunyumba sanandikumbutsepo za funso lawo lija, koma nthawi zonse tikamatsika Khwekhwerere amakhala chete mpaka tifike pa Golomoti.